WOPULUMUTSA MNZAKE PA CHIGUMULA ASASENZE MLANDU YEKHA



Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri nakokolola midzi ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Anthu oposa 1,000 anatayika, ndipo ena manda awo sadziwika. Milatho inapita ndi madzi, misewu inaduka, kolera amene anayamba mu 2022 ali asanathe. Tsono tifunsane: mudzi ukazingidwa chotero, ndani amanga mabala a anthu pa msasa wa pasukulu? Dokotala wamkulu ali kutauni ndi odwala ake. Amene ali nafe ndi mlangizi wa zaumoyo, namwino wopuma pa ntchito, mnyamata wa Red Cross, ndi mzamba wa m'mudzi mwathu momwemo.

Anthu amenewa ndiwo tiwanenera lero. Ntchito ya chipatala ili ndi malire ake. Bungwe la madokotala ndi la anamwino amalemba munthu m'kaundula namuuza pamene dzanja lake liyenera kulekezera, ndipo wodumpha malirewo angathe kulandidwa chiphaso. Pa tsiku la mtendere zimenezi n'zoyenera ndithu. Sitifuna kuti yense wovala choyera azing'amba anthu. Koma chigumula sichiwerenga kaundula.

Taganizani za mayi amene nthawi yake yochira yakwana usiku pa msasa, ambulansi ili tsidya lija, mlatho palibe. Boma linaletsa azamba kuchiritsa amayi mu 2007. Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena mu 2010 kuti chiletsocho chichoke, komabe m'midzi yambiri mafumu anaika chindapusa cha mbuzi kapena ndalama kwa wochirira pakhomo. Nanga mzamba uja achite chiyani? Akathandiza, aopa mbuzi. Mwana akapanda kulira, aopa bwalo. Akapinda manja, mayiyo atsikira kuli chete iye alikupenya. Onse adziwa kuti madzi amaphwa koma mlandu suola. Mantha amenewa ndiwo tifuna achotsedwe, pakuti wofa nawo si mzamba kapena namwino ayi, ndi mlongo wathu wogona pa mphasa uja.

Nkhani yotere inavutapo kale kwina. Mu 2005 namondwe wa Katrina anamiza mzinda wa New Orleans ku America. Pa chipatala cha Memorial magetsi anazima, madzi anazinga nyumba, ndipo odwala ambiri anafera momwemo. Mu 2006 Dr Anna Pou ndi anamwino awiri anamangidwa, powaganizira kuti anafulumizitsa imfa ya odwala anayi ndi mankhwala. Mu 2007 khoti la anthu osankhidwa linakana kumuimba mlandu dokotalayo, ngakhale abale ena a omwalirawo sanakhutire. Pambuyo pake, mu 2008, dera la Louisiana linapanga malamulo otchinjiriza ogwira ntchito ya chipatala pa nthawi ya tsoka, kupatula wolakwa dala kapena wonyalanyaza koopsa. Iwo anayembekeza maliro ndi maunyolo kuti alembe. Ife tiyembekeza chiyani?

Ena mwa inu mudzati, "Kodi simukuwapatsa ufulu wotipha? Ngakhale popanda chigumula alipo anamwino otukwana odwala." Mwanena zoona, ndipo ifenso tawaona. Chifukwa chake sitipempha kuti mlandu ufe. Wobwera ataledzera, wogulitsa mankhwala a pa msasa, wokana munthu chifukwa cha chipani chake kapena mtundu wake, ameneyo aweruzidwe monga mwa masiku onse. Koma amene anachita ndi mtima woona, ndi nzeru zimene anali nazo, ndi nyali ya foni m'malo mwa magetsi, asayesedwe ndi muyeso wa chipatala chachikulu. Ndipo banja lotaya munthu lisabwerere chimanjamanja: chipepeso chichoke m'thumba la Boma. Mlatho si wa namwino. Mankhwala osowa sanawamwe iye.

Chitetezo chimenechi chisathere pa olandira malipiro a Boma okha. A zipatala za mishoni, opuma pa ntchito, ophunzira unamwino ndi odzipereka a m'midzi alowemo onse, kuyambira tsiku limene tsoka lagwa, osati tsiku limene kalata yochokera ku Lilongwe yafika.

Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi, kulowa m'malo mwa la 1991. Ife tifuna kuti pansi pa lamulo limenelo pakhale mawu omveka a nkhani iyi, olembedwanso m'Chichewa, kuti awerengedwe pa bwalo la mfumu ndi kukhomedwa pa khomo la chipatala chilichonse. Chitetezo chodziwika ndi maloya okha sichilimbitsa dzanja la munthu pakati pa usiku.

Tsono mlembi wa nthambi iliyonse achite izi mvula isanagwe. Apite ndi akuluakulu awiri kwa nyakwawa, akapemphe kuti chindapusa cha wochirira pakhomo chisagwire ntchito pamene njira ya kuchipatala yaduka. Alembenso kalata kwa phungu wa dera lake, mamembala asayine, osatha kulemba adinde chala. Yankho la phunguyo, kapena kukhala chete kwake, mudzatiuze pa msonkhano wotsatira.