Kuculukitsa Manambala Kuyambe ndi Masewera

M'masukulu ambiri a kumidzi tabuwada imamveka kutali. Ana amaimba onse pamodzi m'Cipwitikizi, mphunzitsi ali ciimire ndi kamtengo m'manja. Koma mwana akafunsidwa payekha kuti 7 × 8 ndi zingati, amayambiranso nyimbo ija kucokera pa 7 × 1. Akaphonya mzere umodzi, zonse zasokonekera. Mwanayo wasunga nyimbo m'mutu, koma kuculukitsa sanakumvetse. N'cifukwa cake masewera ayenera kupatsidwa malo m'phunziro la masamu.

Kuculukitsa ndi kuwerenga milu yofanana. Mwana wa ku Angónia kapena ku Macanga amaona zimenezi tsiku ndi tsiku pamsika, pamene amayi amaika mbatatesi ndi tomato milumilu. Mphunzitsi angathe kubweretsa msikawo pabwalo la sukulu. Ana ena akhale ogulitsa, ena ogula. Wogulitsa aike milu 4, mulu uliwonse miyala 6. Wogula sangatenge katunduyo asananene kuti miyala yonse ndi 24. Akalakwa, awerenge ndi manja ake mpaka apeze yekha pamene wasokera.

Sewero laciwiri ndi bawo, limene ana amaonera kwa akuluakulu pansi pa mtengo. Bawo lili ndi mizere 4, mzere uliwonse maenje 8. Ana akumbe maenjewo pansi. Wokhala m'mbali amaona mizere 4 ya maenje 8. Wokhala kumutu amaona mizere 8 ya maenje 4. Onse awiri akawerenga amapeza 32. Apa mwana amaona ndi maso ake kuti 4 × 8 ndi cimodzimodzi 8 × 4. Kenaka aike miyala 2 m'dzenje lililonse. Mzere umodzi ukhala ndi miyala 16, maenje onse 64.

Cinthu cimeneci cimapepusa katundu wa mwana. Tabuwada yocokera pa 1 kufika pa 10 ili ndi mayankho 100 oloweza. Mwana akadziwa kuti kutembenuza manambala sikusintha yankho, otsala ndi 55. Akacotsapo a 1, a 2, a 5 ndi a 10, amene savuta kweni kweni, otsala ndi 21 okha. Mwana amene amaopa 100 saopa 21.

Cinyanja naconso cimathandiza. Powerenga m'Cinyanja, 6 ndi zisanu ndi cimodzi, 7 ndi zisanu ndi ziwiri, 8 ndi zisanu ndi zitatu. Ciyankhulo cagawa kale nambala, cinthu cimene mawu a Cipwitikizi saonetsa. Ana awiri angasewere motere. Pa 7 × 8, wina atenge milu isanu, mnzake milu iwiri, mulu uliwonse miyala 8. Woyamba anena 40, waciwiri anena 16. Akaphatikiza apeza 56. Pa 6 × 7, woyamba anena 35, waciwiri anena 7, yankho ndi 42. Mwana wodziwa njira iyi sasowa cocita akaiwala yankho, cifukwa angathe kulipezanso.

Palinso masewera osafuna ciliconse. Ana aime mozungulira, awerenge mmodzimmodzi. Pa 3, pa 6, pa 9 ndi potero, woyenera kunena aombe m'manja m'malo mochula nambala. Wolakwa alowe pakati akhale woweruza anzake. Podumpha cingwe angathe kuwerenga 4, 8, 12, 16. Tabuwada ya 9 ili m'zala. Mwana atambasule zala zonse 10. Pa 9 × 4, apinde cala cacinayi kucokera kumanzere. Kumanzere kwatsala zala 3, kumanja 6. Yankho ndi 36.

Makolo ena amadandaula kuti mwana anatumizidwa kukaphunzira, osati kukatola miyala. Nkhawa yawo ndi yomveka, pakuti sewero lopanda colinga limangotaya nthawi. Mphunzitsi ayenera kudziwa tabuwada imene akufuna kuti ana agwire tsiku limenelo. Sewero likatha, ana alembe m'makope zimene apeza, ndipo azinene m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi momwe. Kuloweza sikucotsedwa ai. Mwana ayenera kufika poyankha msanga osawerenga zala. Koma pabwalo amabwereza 6 × 7 kambirimbiri mosakakamizidwa, cifukwa akufuna kupambana mnzake.

Ena amati ana ndi ambiri m'kalasi ndipo zipangizo palibe. Koma miyala, njere za cimanga ndi zitsekero za mabotolo sizigulidwa. Kalasi lalikulu ligawidwe m'magulu a ana 5 kapena 6, ndipo amene wamvetsa msanga atsogolere anzake. Poimba onse pamodzi, mwana wotsalira amabisala m'mawu a anzake. Pagulu laling'ono amaonekera, ndipo amathandizidwa.

Paulus Gerdes, katswiri wa masamu amene anaphunzitsa zaka zambiri ku Maputo ndipo anamwalira mu 2014, analemba mabuku oonetsa kuti masamu alipo kale m'nchito za anthu a mu Afirika, monga kuluka madengu ndi mphasa. Sukulu iyambire pa zimene mwana wabwera nazo kucokera kumudzi.

Nkhaniyi sithera pa mayeso. Mwana uyu mawa adzagulitsa matumba 7 a cimanga kapena nyemba, ndipo wogula adzachula mtengo wa thumba limodzi. Ngati sadziwa kuculukitsa, adzalandira ndalama zimene wapatsidwa n'kuthokoza, osadziwa kuti wacepetsedwa. M'mera mpoyamba. Mphunzitsi apatule mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse kuti ana asewere ndi manambala. Makolo nawonso, madzulo potongola cimanga, afunse ana awo kuti milu 6 ya zisononkho 8 ndi zingati.