Nkhawa za Ophunzira Si Katundu wa Mphunzitsi Mmodzi

M'sukulu zina za sekondale amasankha mphunzitsi mmodzi kuti azilangiza ophunzira osweka mtima, ndipo akatero ena onse amapinda manja. Uku n'kudzinamiza. Nthawi zambiri nkhawa imene mwana amapita nayo kwa mlangiziyo imakhala itafesedwa ndi sukulu yomweyo.

Taonani ku Kasungu, kuchimake kwa fodya. Kumeneko mphunzitsi pofuna kuopseza wophunzira amatha kunena kuti, "Iwe ukalephera, uzikasoka fodya kuesiteti!" Kalasi yonse imafa ndi phwete. Komatu pakati pawo pamakhala mwana amene makolo ake akusokadi fodyayo, zala zili bii. Iye sayankha, amangozyolika. Tsono nyengo ya msika wa fodya ndi ya mayeso a Fomu 4 zimagwera pamodzi. Mabelo a atate ake akabwezedwa ku Chinkhoma, mwanayo amasowa sopo ndi makope, nalowa m'chipinda cha mayeso akudziwa kuti banja lonse likuyang'ana kwa iye. Kodi wotereyu n'kumuonjezeranso mantha?

Alipo amene amati mantha ndiwo mankhwala a ulesi, ndi kuti iwo anakhoza chifukwa cha mkwapulo. Amenewa amawerenga okhoza okha, osawerenga anzawo amene anathawa sukulu. Mwana wamantha tulo sationa, mutu umamuwawa, ndipo zonse zimene anawerenga zimauluka akangoona pepala. Mantha omwewo ndiwo amapezera msika ogulitsa mayeso obedwa. Mu Novembala 2020 boma linafafaniza mayeso a MSCE chifukwa anabedwa, ndipo ophunzira, osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Ndi sukulu zingati zimene zinakhala pansi ndi anawo kuwafunsa za mumtima mwawo?

Mutu umodzi susenza denga. Mphunzitsi wamkulu aleke kutchula pamsonkhano wam'mawa mayina a ogwira mchira. Kuchititsa manyazi sikunaphunzitsepo munthu masamu. Atsogoleri a ophunzira ateteze a Fomu 1 kwa owazunza m'nyumba zogona, ndipo komiti ya makolo ikambirane ndi banja losauka mwana asanabwezedwe kumudzi. Ngakhale mlonda ndi wophika ali ndi mbali yawo. Mlonda amadziwa mwana amene amayendayenda panja usiku. Wophika ndiye amayamba kuona mbale imene ikubwerera ndi nsima yosakhudza, koma kumsonkhano wa aphunzitsi saitanidwa.