Maluwa afike mwiniwake akadapenya

Masiku ochepa lisanafike Tsiku la Anakubala, lomwe m'dziko muno timakumbukira pa 15 Okutobala, tidalandira foni kuchokera ku Johannesburg. Woimbayo adali mnyamata wa mumpingo mwathu, mmodzi mwa achinyamata ambirimbiri a m'maboma a Balaka ndi Machinga amene adatsikira ku Joni kukasaka maganyu. Titapatsana moni iye adati: “Bambo, ndatumiza kangachepe pa foni yanu. Mugulire mayi ufa, shuga ndi sopo monga mwa masiku onse, koma kotsalako mundipezere maluwa owala bwino, wina akawatulire kunyumba. Kuno ndimaona anzathu akuchitira makolo awo zotere, ndipo mtima umandipweteka.”

Tidavomera mosavuta poganiza kuti ndi ntchito ya mphindi zochepa. Pajatu pa Balaka palibe chosowa: zitenje, zipangizo za njinga, usipa, mbuzi, zonse zilipo. Koma titayamba kufunsa za maluwa, aliyense adatilozera kumodzi, kwa mayi wina amene amaluka nkhata pafupi ndi okhoma mabokosi. Mayiyo atationa adatsitsa mawu mwaulemu nati: “Pepani abambo, watisiya ndani?” Titalongosola kuti wolandira maluwawo ali moyo ndipo akupuntha yekha nandolo wake, adaseka nagwira pakamwa. Adatiuza kuti pa zaka zonse za ntchito yake adamangirapo maluwa mitembo ndi akwati, koma sadamangirepo munthu wongokhala pakhonde pake.

Adatimangira kamtolo kokongola ka maluwa ofiira a bougainvillea osakaniza ndi oyera a frangipani, ndipo tidapereka zonse kwa wakabaza pamodzi ndi kalata imene tidalemba monga mwa mawu a mnyamatayo. Zimene zidachitika kumudziko tidazimva madzulo. Mayi uja ataona mlendo akutsika panjinga maluwa ali m'manja, adaponya lichero pansi nafuula: “Mayo ine, mwana wanga ku Joni!” Anansi adayamba kuthamangira pakhomopo, ena atamanga kale nsalu m'chiuno. Wakabaza adachita kukweza mawu, kalata ili m'mwamba, kuti khamulo limvetse kuti kulibe zovuta. Kalatayo itawerengedwa mayiyo adaseka misozi ili mbwembwembwe, natenga botolo, nathiramo madzi, naika maluwawo pazenera kuti aliyense wodutsa awaone.

Nafenso tidaseka titamva nkhaniyi, koma kuseka kwake kudali kwa manyazi. Abale ndi alongo, tidachita chiyani ife kuti duwa, chinthu chosangalatsa maso chotere, lisanduke mthenga wa imfa pakati pathu?

Yankho lake tonse tikulidziwa, chifukwa tonse tidaimapo kumanda. Adzukulu akamaliza kuundira mtumbira, woyendetsa mwambo amayamba kuitana maina: oyamba kuika nkhata ndi mwamuna kapena mkazi wa malemu, kenaka ana, achibale, akuchikazi ndi akuchimuna, amfumu, ampingo, akuntchito, mpaka dothi lonse litabisika. Ena amabwera ndi nkhata zogula ku Blantyre kapena ku Zomba, zokutidwa m'mapepala onyezimira. Sitikunyoza mwambo umenewu ayi. Maliro n'kulirana, ndipo nkhata ndi njira imodzi yotsanzikirana ndi wokondedwa mwaulemu. Koma tiyeni tidzifunse moona mtima: mwa anthu makumi atatu amene amagwada ndi nkhata pamtumbira, ndi angati amene adafika pamphasa ya wodwalayo miyezi isanu imene adagona? Ndi angati adamuuzapo, iye akumva, mawu okoma amene alembedwa pakapepala ka pankhatapo? Gogo amene adatha chaka chathunthu osaona mdzukulu ndi mmodzi yemwe, tsiku la maliro ake amafunditsidwa maluwa oti sangawanunkhize.

Pali nkhani ziwiri m'buku la Marko zimene ndi bwino kuziwerenga moyandikana. Pa mutu 14 tikumva za mayi wa ku Betaniya amene adaswa nsupa ya mafuta onunkhira a nardo nawatsanulira pamutu pa Yesu, iye ali pachakudya m'nyumba ya Simoni wakhate. Mtengo wa mafutawo udali woposa malipiro a masiku 300 a munthu waganyu, ndipo ena mwa amene adalipo adang'ung'udza kuti kumeneko n'kuwononga. Yesu adamuikira kumbuyo mayiyo, nalongosola kuti wadzozeratu thupi lake maliro asanafike. Tikafika pa mutu 16 tikupeza amayi ena atatu atagula zonunkhira zawo, nalawirira kumanda mbandakucha wa tsiku loyamba la sabata. Chikondi chawo chidali chenicheni, koma amene ankafuna kumudzoza sadamupezemo. Mphatso imene Yesu adaimva fungo lake ndi ya mayi amene adafulumira, ngakhale kuti ndi yomweyo imene anthu adaitcha kuwononga.

Mawu a ong'ung'udza aja sadathe, ndipo kwathu kuno ali ndi mphamvu yake. Wina anena kuti maluwa sadyedwa, ndipo sakunama. Balaka ndi dera louma, lodziwa njala. M'mwezi wa Malichi 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, ndipo Balaka ndi Machinga adali m'gulu lomwelo. Kutumiza maluwa okhaokha kwa mayi amene nkhokwe yake ili pululu n'kumuseka. Koma taonani mmene mnyamata wa ku Joni uja adaikira zinthu m'malo mwake: ufa patsogolo, maluwa pambuyo. Ufa udauza mayiyo kuti mwana wake sakufuna kuti agone ndi njala. Maluwa adamuuza chinthu china chimene thumba la ufa silinganene, chakuti iye si mtolo wongosenzedwa ndi ana, koma munthu amene wina amakondwera naye. Okalamba ambiri m'midzi mwathu amalandira ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money mwezi ndi mwezi, komabe amafota mumtima chifukwa chithandizocho chimafika chopanda nkhope ndi chopanda mawu. Ndipo tisaiwale kuti amene amati maluwa n'kuwononga munthu ali moyo, ndi omwewo amene amakongola ndalama kuti nkhata yawo isachepe pamaso pa anthu.

Tichenjerenso ndi dzenje la mbali inayo. Tsiku la Anakubala monga likudziwika m'maiko ambiri lidayamba ndi mayi wina wa ku America, Anna Jarvis, amene mu 1908 adakonza mapemphero okumbukira mayi ake m'tchalitchi cha Methodist ku Grafton, m'chigawo cha West Virginia, natumizako maluwa oyera oti agawidwe kwa obwera. Mu 1914 boma la dzikolo lidavomereza tsikuli. Koma patangopita zaka zochepa, Jarvis yemweyo adayamba kulimbana ndi ogulitsa maluwa ndi makhadi, chifukwa adaona kuti anthu ayamba kugula mphatso kuti apewe ntchito yolemba kalata ndi kukaona makolo awo. Adamwalira mu 1948 ali wokhumudwa ndi tsiku limene adaliyambitsa yekha. Phunziro lake ndi lakuti duwa likhoza kusanduka chiphuphu chotsekera pakamwa chikumbumtima. Amene ali ku Cape Town atumedi wakabaza, pakuti sangachitire mwina. Koma amene ali pa Liwonde, mayi ake ali pa Ntaja kapena pa Nsanama, alibe chifukwa chotumira munthu. Anyamule yekha maluwawo, akakhale pamkeka, akamve za nyamakazi ndi za mbuzi imene idasowa.

Tisaganizenso kuti mwambo wotere ndi wa anthu a ndalama. Ndi zoona kuti maluwa ndi malonda aakulu padziko lapansi: ku Kenya amalimidwa m'minda ikuluikulu m'mbali mwa nyanja ya Naivasha, nanyamulidwa pandege kupita kumsika wa Aalsmeer ku Netherlands. Koma ife sitikusowa ndege. Pamene Yesu ankaphunzitsa za nkhawa pa Mateyu 6, sadaloze maluwa a m'munda wa mfumu, adaloza a kuthengo, nanena kuti ngakhale Solomoni sadavalepo zofanana nawo. Kwathu kuno chaka chonse chili ndi maluwa ake. M'chilimwe, pamene udzu wonse wapsa, bougainvillea ndiye amayaka pamipanda ya nyumba, ya masukulu ndi ya matchalitchi. Mvula ikamapita kumapeto keshya amavala chikasu, ndipo nthawi yokolola deliya amadzaza m'mbali mwa misewu, mpendadzuwa nawo uli ngwee m'minda. Amene alibe khobidi angopempha kwa mnansi n'kuthyola. Amene ali nako kangachepe agule kwa amayi oluka nkhata aja, kuti nawonso aone kuti luso lawo lingathe kudyetsa ana awo popanda kudikira kulira kwa anthu.

Kuchokera pa zimene zidatichitikira, tili ndi malangizo ochepa kwa amene angafune kuyesa. Choyamba, maluwa a munthu wamoyo amangidwe kamtolo, asalukidwe mozungulira, chifukwa maso athu adazolowera kuti chozungulira n'cha kumanda. Chachiwiri, tumizani mawu patsogolo. Imbirani foni mwiniwakeyo kapena mnansi wake kuti kukubwera mphatso, makamaka ngati pakhomopo pali mwana amene ali kutali kapena m'bale amene ali m'chipatala. Ife tidalakwitsa pamenepa, ndipo tikadatha kudwalitsa munthu wosalakwa. Chachitatu, kumbukirani dzuwa la kuchigwa cha Shire. Maluwa athyoledwe m'mamawa, mapesi ake akulungidwe m'kansalu konyowa, ndipo wakabaza anyamuke kusanatenthe. Apo ayi adzafika atafota ngati ndiwo za dzulo. Chachinayi, pasalephere kalata, ngakhale ya mizere itatu, yotchula chinthu chenicheni chimene mukuthokoza: fizi imene adakulipirirani pogulitsa thonje, kapena usiku umene adakuberekani kumsana kupita nanu kuchipatala. Ngati wolandirayo sadziwa kuwerenga, wotumidwayo amuwerengere m'chinenero chake, kaya ndi Chichewa kaya ndi Chiyao. Ndipo ngati wodwalayo wagonekedwa m'chipatala, yambani mwafunsa anamwino ngati n'kololedwa kulowa ndi maluwa m'chipinda cha odwala, osaiwalanso kanthu ka gadiyani amene akugona pansi usiku ndi usiku.

Ntchito imeneyi ikuwayenera kwambiri magulu amene amazonda kale odwala: amayi a Mvano, a Dorika, a Mothers' Union, Amayi Achikatolika ndi a m'miphakati. Lamulungu lililonse matchalitchi ambiri amakongoletsedwa ndi maluwa kutsogolo, ndipo mapemphero akatha maluwawo amasiyidwa kuti afote m'nyumba yotseka. Bwanji osawagawa timitolo titatu kapena tinayi, achinyamata n'kukatula kwa nkhalamba zimene miyendo idakana kuti zifike kutchalitchi? Nkhalamba yotere idzadziwa kuti mpando wake ukuonekabe kuti ndi wopanda munthu. Ndipo popeza m'maboma athu awiriwa timakhala khomo ndi khomo ndi abale athu Achisilamu, amene mwambo woika nkhata pamanda si wawo koma kuzonda odwala amakulemekeza kwambiri, kamtolo ka maluwa kopita kwa mnansi wodwala n'chinenero chimene tonse tingamvane popanda womasulira.

Akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Adatinso mlendo ndi mame, ndipo tikaganiza bwino tonsefe ndife alendo otere: m'mawa tilipo, dzuwa likakwera tapita. Duwa limafota pa masiku atatu, n'chifukwa chake limatiphunzitsa kusazengereza. Aliyense wa ife ali ndi dzina limene labwera m'mutu mwake powerenga nkhaniyi: mayi, bambo, mphunzitsi wakale amene adapuma ntchito, mkazi amene takhala naye zaka makumi awiri osamuthokozapo, kapena m'bale amene tidasiyana naye mawu chifukwa cha malire a munda. Tikamva mawa kuti munthuyo watisiya, tidzapeza ndalama ya nkhata ndi ya galimoto dzuwa lisanalowe. Ngati tingathe kuipeza tsiku limenelo, tingathenso kuipeza sabata ino.

Mayi uja tidakumana naye patapita milungu iwiri. Maluwa adali atauma kalekale, koma kalata adali atayipinda bwino pamfundo ya chitenje chake, pamodzi ndi ndalama zake. Adatigwira dzanja nati: “Abambo, mukamuuze mwanayo kuti ndidaona ndi maso angawa.” Ambuye atithandize kuti okondedwa athu adzathe kunena chimodzimodzi za ife.