Dzanja Lililonse Lonyamula Phukusi Likhale ndi Dzina

Aliyense amene anapitapo kukaoda katundu ku Kariakoo kuchokera ku Lilongwe, ku Mzuzu kapena ku Lusaka anadutsa pa Kimara. Dera limeneli lili m'mbali mwa msewu wa Morogoro, kumadzulo kwa mzinda wa Dar es Salaam, m'boma la Ubungo. Pa Kimara Mwisho ndi pamene pamathera mabasi othamanga a mumzinda otchedwa mwendokasi, amene anayamba kuyenda mu 2016 kukafika ku Kivukoni, kufupi ndi doko. Patsogolo pang'ono, ku Mbezi Luis, kuli depoti yaikulu ya Magufuli imene inatsegulidwa mu 2021, kumene kunasamukira mabasi a maulendo aatali kuchoka pa Ubungo. Mathiraki onyamula mafuta, feteleza ndi magalimoto opita ku Malawi ndi ku Zambia amadzera njira yomweyi.

Pansi pa katundu wolemera ameneyu pamayenda katundu wina wamng'ono, amene sawerengedwa pa chipata cha dziko. Ndi chitenje chogulidwa pa Instagram, foni yatsopano, nsapato za mwana wasukulu, mankhwala a gogo, thumba la mpunga lochokera ku Kyela kapena ku Karonga, kapena usipa wouma umene mayi watumizira mwana wake wogwira ntchito mumzinda. Maphukusi otere amakwera zitunda za Korogwe, Baruti, Suka, Temboni ndi Bonyokwa tsiku lililonse, ndipo ena safika kwa eni ake. Phukusi limasowa pa nthawi imene lili m'manja mwa munthu wosadziwika dzina, ndipo chitetezo chake chenicheni n'chakuti dzanja lililonse lolinyamula lidziwike, kuyambira pa sitolo mpaka pa mphasa ya mwini wake.

Malangizo ambiri oteteza katundu wotumizidwa kunyumba amachokera ku America ndi ku Ulaya. Kumeneko wamtengatenga amasiya bokosi pakhonde mwini nyumba ali ku ntchito, ndipo wodutsa m'njira amangolitola. N'chifukwa chake anthu akumeneko amaika kamera pachitseko, ndipo kampani ya Amazon inayamba mu 2011 kuika mabokosi okhoma m'malo a malonda kuti ogula azikatengako katundu wawo. Ku Kimara zinthu sizili choncho. Palibe wa bodaboda, amene ku Malawi amatchedwa wakabaza, angasiye phukusi panja pa geti n'kumapita. Iye amaimba foni, amadikira, kenako amapereka m'manja mwa munthu. Amene akopera mankhwala a ku America akuchiza nthenda imene mudzi wake ulibe.

Ulendo wa phukusi limodzi umaonetsa pamene pali ming'alu. Wogulitsa wa ku Kariakoo amaika chithunzi cha katundu pa WhatsApp, ndipo wogula wa ku Kimara amalipira pa M-Pesa kapena pa Airtel Money. Wogulitsayo amatuma mnyamata wa pasitolo kuti akapereke katoni kwa wa bodaboda amene wapezeka pafupi. Uyu akafika pa Kimara Mwisho amaimba foni, nauzidwa kuti apitirire tchalitchi, akhotere pa mtengo wa mango, afunse geti lakuda. Wogula mwiniyo ali ku ntchito m'tauni, choncho amangoti katunduyo apatsidwe aliyense amene ali pakhomo. Koma kuseri kwa geti lakudalo kuli mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi okhala pa lendi, alendo awo, ndi ana ochokera kusukulu. Phukusi ladutsa m'manja asanu, ndipo mwa anthu asanuwo, odziwika dzina ndi awiri okha: woyamba ndi womaliza. Likasowa, wogulitsa amati anatumiza, wa bodaboda amati anapereka, wogula amati sanalandire, ndipo n'kutheka kuti onse atatu akunena zoona.

Katundu wobwera pa basi ali ndi mng'alu wake. Wotumiza wa ku Mbeya kapena ku Karonga amalemba dzina ndi nambala ya foni ya wolandira ndi zilembo zikuluzikulu pa thumba, kuti lisasochere. Zilembo zomwezo zimawerengedwa ndi aliyense woimirira pa depoti. Munthu wochenjera akhoza kufika pa ofesi ya basi, kutchula dzinalo molimba mtima, kunena kuti watumidwa, n'kunyamula thumba. Wina sagwira n'komwe katunduyo: amangoimbira wolandira n'kumuuza kuti phukusi lake latsekeredwa ndipo lituluka akatumiza ndalama zina. Anthu a ku Tanzania amaudziwa bwino uthenga wa akathyali wonena kuti ndalama ija itumizidwe pa nambala iyi. Kulembetsa makadi a foni ndi zidindo za zala pamodzi ndi chitupa cha NIDA sikunathetse mchitidwewu, ndipo bungwe la TCRA limalimbikitsa anthu kupereka nambala za akathyali potumiza uthenga ku 15040.

Choyamba chofunika ndi wolandira mmodzi wotchulidwa dzina. Mawu akuti aliyense amene ali pakhomo ndiwo amatsegulira wakuba chitseko. Wogula amene sadzakhala panyumba asankhe munthu mmodzi, apereke dzina ndi nambala yake kwa wotumiza, ndipo agwirizane nambala yachinsinsi ya manambala anayi imene wonyamula ayenera kuimva asanapereke katundu. Njira imeneyi siidya ndalama. Ndi yofanana ndi imene anthu anaizolowera kale potapa ndalama za pafoni. Pa thumba lokwezedwa basi pakhale dzina limodzi ndi nambala ya lisiti basi, zina zonse zidzere pa foni. Chithunzi cha lisiti nacho chisaikidwe poyera pa WhatsApp, pakuti chili ndi zonse zimene wakuba akufuna.

Chachiwiri ndi wonyamula wodziwika. Anyamata a bodaboda ku Dar es Salaam amakhala ndi malo awo oimapo, otchedwa kijiwe, ndipo ambiri mwa malowa ali ndi atsogoleri odziwa anthu awo. Njinga yamoto iliyonse yolembetsedwa ili ndi nambala. Wogulitsa amene amapereka katundu wa mtengo wapatali kwa munthu wongomuimitsa mumsewu, osalemba nambala ya njinga kapena ya foni, wataya katunduyo ndi manja ake. Kujambula njinga ndi phukusi n'kutumiza chithunzicho kwa wogula kumatenga kanthawi kochepa kuposa kumanga katoni. Wogula wa ku Kimara amene amalandira katundu kawirikawiri angachitenso bwino kukhala ndi wa bodaboda wake wa pa kijiwe cha pafupi, woti azimutuma yekha kukatenga katundu. Munthu amene amaimika njinga pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, pakati pa anthu odziwa kumene amagona, sagulitsa mbiri yake chifukwa cha nsapato.

Chachitatu ndi malo olandirirapo osasuntha. Anthu a ku Malawi ndi ku Zimbabwe okhala ku South Africa amaidziwa njira ya Paxi, imene munthu amatumiza phukusi kuchokera pa sitolo ya PEP kupita pa sitolo ina ya PEP, ndipo wolandira amakalitenga akalandira uthenga pa foni. Nzeru yake ndi yosavuta: sitolo siichoka, imatsegula nthawi yodziwika, ndipo imasunga zolemba. Ku Kimara pafupifupi njira iliyonse ili ndi golosale, sitolo ya mankhwala kapena kanyumba ka wakala wa ndalama za pafoni, amene ali kale ndi kaundula wolembamo anthu. Anthu ambiri amasiyitsa kale katundu m'malo otere, koma mongopemphana. Chosowa ndi kope limodzi lolembamo tsiku, dzina la wobweretsa, nambala ya njinga, dzina la wotenga ndi siginecha yake, komanso kandalama kochepa kothokozera mwini sitolo. Wolipidwa amadziwa kuti ali ndi udindo. Wongopemphedwa amaiwala, ndipo palibe angamuimbe mlandu.

Nkhani ya keyala ndi yofunikanso. Kulondolera munthu ndi mtengo wa mango kumakakamiza wonyamula kuima ndi kufunsa, ndipo aliyense wofunsidwa amadziwa kuti kunyumba yakuti kukubwera katundu. Zizindikiro zoterozo sizikhalitsanso. Mu 2017 nyumba zambiri za m'mbali mwa msewu wa Morogoro, kuyambira ku Kimara kulowera ku Kiluvya, zinagwetsedwa pokonzekera kukuza msewu wopita ku Kibaha, ndipo malo amene anthu ankalozerana anapita nazo. Mu 2022, kalembera wa mu Ogasiti asanachitike, boma la Pulezidenti Samia Suluhu Hassan linachita ntchito yaikulu yotchedwa Anwani za Makazi, yopatsa misewu mayina ndi nyumba manambala. Dziko la Tanzania lilinso ndi manambala a positi a madera, okhala ndi manambala asanu. Ku Malawi bungwe la MACRA ndi ku Zambia bungwe la ZICTA akhala akugwira ntchito yofanana. Koma chikwangwani chimathandiza pokhapokha anthu akamachigwiritsa ntchito. Wogulitsa aliyense ayenera kufunsa dzina la msewu ndi nambala ya nyumba, ndipo wogula awonjezerepo chizindikiro cha malo cha pa mapu a pafoni.

Alipo amene angatsutse kuti zonsezi zikuononga chikhalidwe. Pakati pa Achewa, Anyanja, Angoni ngakhale Aswahili, kutumirana katundu ndi chizindikiro cha ubale, ndipo kuuza munthu wamkulu kuti asaine polandira thumba la ufa kumamveka ngati kumutcha mbava. Dandaulo limeneli ndi lomveka, koma likuiwala amene amalipira phukusi likasowa. Mlandu sugwera mwini nyumba kapena mlendo wovala bwino. Umagwera wa bodaboda, amene angalandidwe njinga ya bwana wake kapena kumenyedwa ndi gulu. Umagwera mlonda wa pa geti. Umagwera mtsikana wantchito wa m'nyumba, amene nthawi zina amakhala wochokera ku Malawi, wosadziwa bwino Chiswahili, ndipo mwina zikalata zake zokhalira m'dzikomo sizokwanira, kotero kuti sangayerekeze kupita ku polisi kukadziyeretsa. Iye amadulidwa malipiro kapena kuchotsedwa ntchito chifukwa cha katoni imene sanaione. Mzere umodzi wolembedwa m'kope ukanamupulumutsa. Kulemba kumatchinjiriza wosauka wosalakwa kuposa mmene kumatchinjirizira katundu, ndipo ubale umene umatha chifukwa cha siginecha ndi wochepa poyerekeza ndi umene umatha chifukwa cha kuganizirana.

Ena angati kamera ndiyo yankho la makono. Kamera ili ndi ntchito yake, makamaka pa nyumba ya mpanda yokhala banja limodzi. Koma imafuna ndalama, magetsi osazima ndi munthu woyang'ana zimene yajambula. Imaonetsa nkhope katundu atapita kale, ndipo siiona zochitika pa depoti kapena pa foni. Wokhala pa lendi m'chipinda chimodzi sangaigule, ndipo ndi iyeyo amene kutaya foni yatsopano kumamubwezera m'mbuyo miyezi ingapo.

Udindo wina uli kwa atsogoleri. Mzinda wa Dar es Salaam uli ndi maofesi a serikali ya mtaa, ndipo pansi pake pali mjumbe, mwambo wochokera ku dongosolo la nyumba khumi la m'zaka za m'ma 1960. M'madera ambiri mulinso magulu a ulinzi shirikishi, amene anthu amasonkhera ndalama kuti azilondera usiku. Komatu maphukusi amasowa masana dzuwa likuswa mtengo, alonda ali m'tulo. Ofesi ya mtaa ikhoza kuthandiza popanda kugula kanthu: kusunga mndandanda wa masitolo ovomera kulandira katundu, kudziwana ndi atsogoleri a kijiwe chilichonse, ndi kumva madandaulo aang'ono asanafike pa chibakera. Makampani onyamula makalata ndi maphukusi amalandira ziphaso ku TCRA, ndipo wotumiza katundu wa mtengo wapatali ayenera kufunsa ngati kampani ili ndi chiphaso, n'kusunga lisiti lolembedwa zimene zili m'katimo. Pamene kampani ya Jumia inatseka malonda ake ku Tanzania mu 2019, kugula pa intaneti sikunathe. Kunapitirira m'manja mwa amalonda ang'onoang'ono ambirimbiri, ndipo iwowa ndiwo ayenera kudziikira mwambo, chifukwa wogula amene katundu wake wasowa kamodzi sabwereranso.

Zimene zili ku Kimara zilinso ku Area 25, ku Ndirande, ku Chawama, ku Kapata ndi ku Matundo, komanso kulikonse kumene katundu wochokera ku Johannesburg amatsitsidwa pa thiraki n'kuperekedwa kwa mwana wotumidwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Wogula asalipire zonse katundu asanamuone ngati wogulitsa ndi wachilendo, ndipo atsegule phukusi wonyamula ali pomwepo. Wogulitsa nayenso asaiwale malonda atangolandira ndalama, koma aimbe foni kufunsa ngati katundu wafika ndi amene walandira. Mwini nyumba ya alendi akhale pansi ndi anthu ake, agwirizane za amene azitsegulira geti onyamula katundu, ndipo kope la olandira likhale pamalo odziwika kwa onse.