Mwana akamavuta, kodi wolakwa ndi mayi?

Kamwana ka zaka zinayi kakamamenya anzake ku nasale, kapena kudzigubuduza pansi pamsika kufuna switi, anthu sachedwa kuweruza: "Amayi ake amamulekerera." Ine chiweruzo chimenechi ndimachiona kuti n'chothamanga.

M'zaka za m'ma 1960, Diana Baumrind wa ku yunivesite ya California ku Berkeley anafufuza ana a msinkhu wa nasale pamodzi ndi makolo awo, ndipo anaona maleredwe atatu. Pali makolo aukali, aja a "chita zomwe ndanena, usafunse". Pali olekerera. Ndiye pali ena amene amaika malamulo koma amafotokoza chifukwa chake, uku akuonetsa chikondi. Ana a gulu lachitatuli ndi amene ankaoneka odziletsa komanso odzidalira. Mu 1983, Eleanor Maccoby ndi John Martin anawonjezerapo gulu lachinayi, la makolo osalabadira n'komwe.

Zimenezi sindikutsutsa ayi. Koma taganizani za mu labu. Tikafuna kudziwa ngati kutalika kwa chingwe kumasintha kayendedwe ka pendulum, timasintha chingwe chokha, zina zonse n'kuzisiya momwemo. Ndi banja sungatero. Ukapeza mayi waukali ndi mwana wovuta m'nyumba imodzi, wayamba ndani? Mu 1968 Richard Bell analemba kuti mwana nayenso amasintha kholo, kotero mwana wovuta atha kusandutsa mayi wofatsa kukhala wokalipa. Akuti lamulo lachitatu la Newton ndi la mu mayeso basi? Ukakankha khoma, nalo likukukankha.

Gerald Patterson wa ku Oregon anafotokoza momwe zimazungulirira. Mayi akana. Mwana akuwa. Mayi atopa, n'kumupatsa. Pamenepo mwana waphunzira kuti kukuwa kumathandiza, mayi naye waphunzira kuti kugonja kumabweretsa bata. Mawa kukuwako kukula, ndipo palibe amene anachita kufuna.

China n'chakuti mabanja a Baumrind ambiri anali a azungu opezako bwino. Kwathu kuno mwana saleredwa ndi mayi yekha. Pali agogo, azakhali, atate, komanso inuyo amene mumatsala naye mukaweruka kusukulu, mayi ali kumsika kapena kudimba. Wofufuza amene wangofunsa mayi wasiya anthu onsewa kunja. Chikhalirecho, mng'ono wanu akamakuwa kufuna foni, nthawi zambiri foniyo imakhala m'manja mwanu, ndipo amene asankhe kugonja kapena kukana modekha n'kumuuza chifukwa chake ndinu.