Kodi Munthu Wankhawa ndi Wosamvera Mulungu?

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Zaka zonse zimene ndinali ku sekondale ndinkapempha Mulungu kuti andifikitse ku yunivesite. Pemphero langa linayankhidwa mu 2023, koma linadza ndi matope ake. Mu Malichi chaka chimenecho namondwe wa Freddy anakokolola munda wa mayi anga ku Phalombe. Mu Novembala ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya ufa, sopo ndi lendi inakwera. Pokhala mwana wachisamba, ndinapezeka ndasenza akatundu awiri: maphunziro anga ndiponso banja la kwathu. Foni ikalira, mtima unkagunda ndisanaone n'komwe amene akuimba.

Pasanapite nthawi tulo tinayamba kusowa, mutu unkangowawa, ndipo zimene ndawerenga madzulo zinkakhala zitauluka pofika m'mawa. Nditamuuza mnzanga wina wa m'gulu lathu la mapemphero, anandiyankha kuti, "M'bale wanga, kumeneko ndi kuchepa kwa chikhulupiriro. Salani kudya masiku atatu." Ndinasaladi, ndinachezeranso kupemphera, ndipo mayeso a sabata imeneyo ndinalephera. Pamwamba pa nkhawa ya ndalama panabwera ina yoposa: yakuti mwina ndamulakwira Mulungu.

Maganizo anga m'nkhani ino ndi akuti nkhawa imene imadza moyo ukamasintha si umboni wakuti munthu wasiya kumvera Mulungu. Ndikuonanso kuti kugona, kudya ndi kuuzako ena mavuto athu ndi mbali ya kumvera komweko.

Poyamba, tiyeni tione mmene thupi linalengedwera. Munthu akaona choopsa, thupi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umathamanga, shuga amachuluka m'magazi, minofu imakungika kukonzekera kuthawa kapena kulimbana. Izi n'zothandiza ukakumana ndi njoka panjira, chifukwa njoka ikapita thupi limabwerera mwakale. Koma ngongole ya fizi siipita ngati njoka. Thupi likakhala tcheru miyezi ndi miyezi, tulo timasokonekera, m'mimba mumavuta ndipo kukumbukira zinthu kumachepa. Zimenezi zimachitikira mbusa ndi wachikunja yemwe. Kumuuza munthu wotere kuti achezere usiku wonse ali ndi njala kuli ngati kuthira mchere pachilonda.

Kachiwiri, Baibulo lenilenilo silibisa kuti atumiki a Mulungu ankafooka. Pa 1 Mafumu 19 timamva za mneneri Eliya. Atangopambana aneneri a Baala pa phiri la Karimeli, Yezebeli anamuopseza kuti amupha. Eliya anathawira kuchipululu, nakhala pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Chochititsa chidwi n'chakuti mngelo sanayambe ndi kumudzudzula. Anamupatsa mkate ndi madzi, namusiya agonenso, kenako anamudyetsa kachiwiri. Mulungu anadzalankhula naye za ntchito atafika ku Horebu. Kumeneko anamuuza kuti sanatsale yekha, pakuti panali anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, ndipo anamutuma kukadzoza Elisa amene anakhala womutumikira. Dongosolo lake ndi limenelo: chakudya, tulo, kenako ntchito ndi mnzake woyenda naye.

Kachitatu, kusintha kwa nyengo kumafuna kusintha kwa kasenzedwe. Pa Eksodo 18, Mose anali atangotulutsa Aisraele mu Iguputo ndipo ankaweruza milandu yekha kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Mpongozi wake Yetero anamuchenjeza kuti adzalema, iye ndi anthu omwe, namulangiza kuti asankhe atsogoleri a magulu a anthu 1,000, 100, 50 ndi 10. Mose anamvera, ndipo palibe amene amamutcha wochepa chikhulupiriro. Makolo athu ananena zomwezo m'mawu ochepa: mutu umodzi susenza denga.

Ena anganditsutse ponena kuti Yesu mwini, pa Mateyu 6, anatiletsa kudera nkhawa za mawa. Zimenezi n'zoona, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Pali nkhawa ina imene imasanduka mbuye wa munthu, n'kumutuma kubera mayeso, kulowa m'chibwenzi cha ndalama kapena kubisala m'botolo la mowa. Apo pamafunika kulapa. Koma kumva mantha n'kosiyana ndi kutumikira mantha. Ku Getsemane Yesu anazunzika mumtima, ndipo sanabise. Anauza Petro, Yakobo ndi Yohane, nawapempha kuti achezere naye. Anamvera Atate ake mtima uli wolemera. Ngati Mbuye anafuna anzake pa usiku wovuta, ine ndine yani kuti ndidzitame kuti mwamuna salira?

Tsoka lake n'lakuti ambiri a ife timaopa kulankhula. Tikamva za chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba kapena cha St John of God ku Mzuzu, timangoganiza za misala. Komatu thandizo lambiri limayambira pa kucheza wamba. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench, imene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti njirayi imachepetsadi zizindikiro za nkhawa ndi kukhumudwa. Mipingo yathu ili ndi mabenchi ambiri ndiponso agogo ambiri. Chimene chikusowa ndi makutu osafulumira kuweruza.

Kwa ine zinthu zinayamba kusintha pamene ndinawauza mayi zoona, kuti ndalama yanga ya chakudya singadyetse nyumba ziwiri. Ndinkaopa kuti akhumudwa, koma anati, "Mwana wanga, ife tinakutuma sukulu, za kumunda tisiyire." Ndinauzanso amalume, amene anathandiza kupeza mbewu. Ndinadziikira nthawi yogona, ndinasiya maudindo awiri mwa atatu amene ndinali nawo m'gulu la mapemphero, ndipo ndinayamba kupemphera m'mawa mutu uli bwino. Mavuto a ndalama sanathe, koma ndinatha kuwerenganso.

Pomaliza, anzanga ophunzira, nyengo zidzapitiriza kusintha. Tikamaliza pano kudzabwera kusaka ntchito, ukwati, ana, matenda ndi maliro. Mnzathu akadzatiuza kuti sakugona, tisanamufunse ngati wapemphera, tiyambe tamufunsa ngati wadya, kenako tikhale pansi timumvere. Ndipo ifeyo tikalemedwa, tinene msanga, pakuti mwana wa kaya sachira.