Kuvomera mlandu kusasanduke malonda

Abale ndi alongo a ku Ulongwe, Dómuè ndi midzi yonse ya m'malire, pali mchitidwe woipa pa nkhani za milandu. Woimba mlandu wa boma amaunjikira munthu milandu yambiri, ina yoopsa kuposa zimene anachita, kenaka n'kumuuza kuti: vomera umodzi, inayo tiichotsa. Ku America kugwirizana kotere n'kololedwa, ndipo milandu yambiri imathera pomwepo osazengedwa.

Ife a ku Moçambique tinaziona pa ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni, zimene zinaululika mu 2016 n'kugwetsa metical. Andrew Pearse wa banki ya Credit Suisse anavomera mlandu umodzi ku New York mu 2019, navomeranso kuti analandira ziphuphu za madola pafupifupi 45 miliyoni. Popeza anaulula anzake, mu 2025 khoti silinamupatse zaka za kundende. Manuel Chang, nduna yakale ya zachuma, anakana mlandu, nalamulidwa zaka 8 ndi theka. Chang sitikumulirira ayi. Koma taonani chimene chinapulumutsa Pearse: anali ndi maina oti agulitse.

Nanga mlimi wa mbatata ya kachewere akagwidwa pa Calómuè ndi matumba a feteleza opanda mapepala, agulitsa dzina la yani? Akamuopseza ndi mlandu waukulu amavomera ndi zimene sanachite, pofuna kubwerera kumunda mvula isanathe. Kuvomera kotere n'kwa mantha, ndipo khoti lisakutenge ngati umboni.

Dziwani ufulu wanu. Malamulo aakulu a dziko lathu akuti munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litagamula. Womangidwa aonekere kwa woweruza pasanathe maola 48. Wosowa ndalama za loya apemphe thandizo laulere ku IPAJ. Musasaine kapena kudinda chala pa chikalata cha Chipwitikizi chimene sanakumasulireni.

Kodi voti ikulowa pati? Procurador-Geral, mkulu wa oimba milandu onse, amasankhidwa ndi Pulezidenti. Malamulo a milandu amapangidwa ndi madeputado a Assembleia da República, ndipo chaka ndi chaka mkuluyu amakapereka lipoti pamaso pao. Onsewa amafika pamipando ndi chala chanu. Ofuna voti akabwera ndi nsalu ndi masikipa, landirani ngati mufuna, koma afunseni pagulu: woimba mlandu wokuza mlandu dala mudzamulanga bwanji? Ndipo IPAJ idzakhala ndi anthu angati olankhula Chinyanja kuno ku Angónia?